Chitseko cha Kumaso kwa a Eppo

Holwerum, 9 Okutobala

Bambo a Doina,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, ndiponso kuti chifuwa chija chinasiya. Ine ndili bwino, bondo lokha ndi limene likundikumbutsa kuti ndakwanitsa zaka 68. Ndikulemba kalata chifukwa pa foni paja simumva kanthu. Mumangoti "eya, eya" ngakhale ndikukufunsani kuti nkhuku zatsala zingati.

Ndatumiza mayuro 400 kudzera kwa Doina. Mugule nkhuni tsopano zisanakwere mtengo, ndipo akamatsitsa muime pomwepo, osati kukakhala m'nyumba n'kumawakhulupirira. Mapiritsi anu a kuthamanga kwa magazi ndinasiya mabokosi asanu ndi limodzi mu Ogasiti. Pofika lero payenera kutsala anayi. Mukawerenge mundiuze. Musandinamize, poti Doina ndamuuza kuti akawerengenso.

Tsopano nkhani imene yandikwiyitsa. Hilje, mwana wamkazi wa a Eppo, agogo amene ndimawasamalira kuno, anabwera Lamulungu kuchokera ku tauni. Sanavule n'chikhoti chomwe. Akuti malo apezeka ku nyumba yosungirako okalamba, bambo ake akalowa pa 15 Novembala, ndipo nyumba ino igulitsidwa. Zonsezi ananena ali chiimire m'khitchini, bambo akewo ali pomwepo akupaka batala pa buledi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuwasambitsa, kuwameta ndi kuwadzutsa akagwa, koma ndinauzidwa ngati mmene amauzira wobweretsa nyuzipepala kuti asiye kubwera.

Sindikunena kuti sakudwala. Akudwala. Dzulo anandifunsa kanayi kuti ndine mwana wa yani. Dzina loti Veturia linawakanika kalekale, amangonditchula kuti aphunzitsi, chifukwa ndinawauza kuti kwathu ndinkaphunzitsa masamu. Koma chilipo chimodzi chimene sakuiwala. Chiyambireni mathirakitala kututa biti wopangira shuga m'minda, m'mawa uliwonse funso ndi lomwelo.

"Aphunzitsi, Maritino afika liti?"

"Pa 11 Novembala, bambo."

"Nanga mpeni wanga uli kuti?"

Mipeni yonse Hilje analamula kuti ndizitsekera m'kabati, ndiye ndimangowapatsa tiyi.

Mukawerengera muona kuti Maritino ameneyu ndi womaliza m'nyumba mwawo, kutangotsala masiku anayi kuti awatenge. Mukudziwa mmene amachitira kuno. Kukangoda, ana amayenda khomo ndi khomo atanyamula nyali, amaimba, ndipo amapatsidwa masiwiti. Nyumba imene ikufuna ana imayatsa nyali pa zenera. Ndipo m'nyumba zakale ngati ino chitseko cha kumaso sichitsegulidwa wamba. Aliyense, ngakhale dokotala, amalowera kuseri. Cha kumaso n'cha ukwati, cha maliro, ndi cha ana a Maritino, basi. A Eppo akhala akutsegulira ana chitseko chimenecho chaka ndi chaka chikwatirireni. Zina zonse awalanda, koma ichi chokha achita. Ndayamba kale kugula zofunika.

Mpope wa panja muukulunge chisanu chisanayambe.

Ndine mkazi wanu,
Veturia


Holwerum, 21 Okutobala

Bambo a Doina,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kuti chifuwa chachepa. Koma mabokosi asanu? Ndiye kuti mwezi wathunthu simunamwe. Mukuti "mumaiwala nthawi zina". Masiku makumi atatu si nthawi zina. Kuno ndili ndi munthu wodwaladi matenda oiwala, koma sanadumphitsepo piritsi n'limodzi lomwe.

Ine ndili bwino, kungoti ndakhala ndili wokwiya kuyambira Lachinayi. Mirte, namwino woyandikana nafe uja, anandinong'oneza kuti makolo agwirizana zoti chaka chino ana asalowe m'kamsewu kathu. Kamsewu kathu kali ndi nyumba ziwiri, yake ndi yathu. Ndiye mukuona amene akumuthawa.

Mayi Aukje, amene amatsogolera komiti ya makolo, ndinawapeza m'sitolo akusankha tchizi.

"Mayi Aukje, ndamva kuti kamsewu kathu mwakadula."

"Aa, mayi Veturia, kudula ayi. Kungoti kwanuko kuli ngalande, ndiye ndi mdima, ana ang'onoang'ono, inunso mukudziwa."

"Ngalandeyo yakumbidwa liti? Sabata yatha?"

Anayang'ana tchizi ngati akuwalankhula. Kenako anatsitsa mawu. "Inunso munalipo chaka chatha."

Ndinalipodi. Nkhaniyi sindinakuuzeni chifukwa sindinaione ngati nkhani. Chaka chatha a Eppo atatsegula chitseko, m'malo mopereka masiwiti anagwira nyali ya kamnyamata kena n'kumati, "Ndi yanga, ndipatse." Kamtengo kake kanathyoka, mwana analira. Nyali ya mayuro atatu, ndipo ndinagula ina mawa lake. Mwanayo ndimamuona tsiku ndi tsiku akuthamangitsa njinga, manja onse awiri alipo.

"Ife tikuganizira a Eppo omwewo," anatero Mayi Aukje. "Phokoso limawasokoneza."

Kuno munthu akafuna kukutaya amayamba n'kunena kuti akukuganizira. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala m'dziko lino, koma chimenechi sindinachizolowere.

"Njinga yanu yoyamba anakukonzerani ndani?" ndinawafunsa. "Nanga ya mwana wanu? M'mudzi muno muli nyumba 212. Ndionetseni imodzi imene simunalowe njinga yodutsa m'manja mwa a Eppo."

"Musakweze mawu, chonde."

"Sindinakweze. Awa ndi mawu anga a m'kalasi. Ndikakweza mumva."

Mtsikana wolandira ndalama anabisa nkhope kuseri kwa makina ake. Mayi Aukje anatuluka tchizi atamusiya pomwepo.

Kunyumba nako ndinapeza zina. Pokolopa ndinapeza biti pansi pa bedi la a Eppo, wamkulu ngati mutu wa mwana, matope ali thoo. Amatola amene amagwa m'mathirakitala tikamayenda masana, n'kumubisa m'dengu la kachikuku kawo koyendera. Ndamutaya. Ngati kuti ntchito yochapa ndi yochepa.

Nkhumba musalonjeze munthu aliyense mwendo ine ndisanabwere. Mng'ono wanu mwendo wa chaka chatha sanathokoze n'komwe.

Ndine,
Veturia


Holwerum, 30 Okutobala

Bambo a Doina,

Moni, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Doina ndi ana. Ine ndilipo. Lolemba ndinapita kwa dokotala pa nkhani ina yaing'ono, osati bondo. Tidzakamba ndikabwera, musayambe kufunsa Doina.

Timatumba ndamanga makumi anayi. Kalikonse muli nachesi limodzi, mabisiketi awiri ndi chokoleti chimodzi. Tili m'dengu kuseri kwa chitseko cha kumaso, ndipo loko wake ndamuthira mafuta.

Ndinayenda m'nyumba zisanu ndi zinayi za makolo kukapempha kuti abweretse ana awo, ngakhale kwa mphindi ziwiri. Ine, munthu amene makolo ankaima pa mzere kudikira kuti ndiwalankhule, kumagogoda m'makomo a anthu ngati wogulitsa maburashi. Paliponse anandilandira bwino. Khofi, bisiketi imodzi, chitini n'kutsekedwa. Onse asanu ndi anayi anayankha mawu amodzimodzi: "Tiona." Bambo wina anawonjeza kuti, "Koma mumawakonda a Eppo, eti? N'zosangalatsa." Ndinatsala pang'ono kumubwezera bisiketi yake.

Loweruka Hilje anabwera ndi timapepala tomata. Tofiira pa katundu wogulitsa, tobiriwira pa katundu wotaya. Mpando wa mayi ake waumata kobiriwira. Ndinamupempha kuti alankhule ndi Mayi Aukje, poti anaphunzira limodzi.

"Ndi bwino choncho, Veturia," anatero. "Bambo asakachitenso manyazi pamaso pa mudzi wonse."

"Manyaziwo akuchita ndani, iwo kapena inu?"

Nkhope yake inafiira. Kenako anandiyalira malamulo. Bambo ake asatuluke kunja kukada, chifukwa anagwa mu Seputembala. Asagwire moto kapena mpeni. Akangomva kuti ndaphwanya limodzi, akanena ku kampani imene imandipezera ntchito, ndipo ndisadzayembekezere kalata yondichitira umboni. Mwana amene ndamuphikira msuzi Lamulungu lililonse limene wakumbukira kuti ali ndi bambo! Malamulungu amenewo ndawawerenga, koma nambala yake sindilemba, ingakukwiyitseni nanunso.

Biti uja wabwereranso. Tsopano ndataya atatu. Wachitatuyu anandiona ndikupita naye ku nkhuti, ndipo anakuwa pa zenera: "Wakuba iwe! Bweretsa!" Zaka zonsezi sananditchulepo kuti iwe. Madzulo anakana kudya, anangokhala atayang'ana khoma, ndipo pogona anafunsanso za mpeni.

Sindikudziwa chimene ndidzawauze pa 11, akadzakhala kuseri kwa chitseko atavala tayi, belu osalira.

Denga la khola mukuti likudontha. Ndinanena mu Ogasiti.

Ndine,
Veturia


Holwerum, 7 Novembala

Bambo a Doina,

Moni. Ndili bwino, ndikhulupirira inunso. Mabokosi mukuti tsopano atsala anayi ndi theka. Ndi bwinoko, koma sindikuyamikani.

Masupuni akuluakulu m'nyumba muno alipo khumi ndi awiri. Lachiwiri anapezeka khumi ndi imodzi. Ndinafufuza m'kabati, m'bini, pansi pa mipando, m'matumba a zovala zochapa. Lachitatu masana, nthawi imene a Eppo amagona, ndinamva kukhwekhwereza m'kanyumba kakuseri kamene ankakonzeramo njinga. Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, biti wachinayi ali pamiyendo, supuni ili m'manja. Bitiyo anali atamudula kale pamwamba, sindikudziwa ndi chiyani, ndipo ankagoba m'kati. Supuni itapindika, chala chachikulu chikutuluka magazi. Dzenje linali litafika theka. Biti ndi wolimba ngati mtengo, ndiye ganizani masiku amene anagoba mobisa.

Atandiona anamubisa kumbuyo.

"Musawauze amayi," anatero. "Anati ndikamaliza ndekha ndipita nawo. Chaka chatha anandikaniza, ati chifuwa."

"Mupita ndi ndani, bambo?"

"Ndi anzanga. Trientje ndi ena aja. Iwo amaliza kale zawo."

Ndinakhala pansi pa thayala. Bambo a Doina, mwezi wathunthu ndakhala ndikukangana ndi mudzi wonse kuti ana abwere pakhomo pa munthuyu, pomwe iye sakudikira kuti atsegulire ana. Akudikira kuti apite nawo. Makedzana nyali za Maritino sizinali za mapepala ndi timababu, ankagoba biti n'kuikamo kandulo. Chaka chatha sankalanda mwana uja mwankhanza, ankaona ngati anzake akumusiya. Ndipo m'mudzi muno muli anthu ambiri a imvi amene anagobapo biti ali ana. Anaona munthu akutola biti mumsewu masabata onsewa, ena mpaka kumuseka, koma palibe n'mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Ine ndinabwera ndili wamkulu kale, koma iwo?

Ndinakatsegula kabati n'kutenga mpeni wawo wa chigwiriro cha mtengo. Manja amene satha kumanga batani anagoba bwinobwino, khungu kulisiya lopyapyala kuti kuwala kudutse. Anasema mwezi, nyenyezi zitatu ndi chinthu china chimene akuti ndi hatchi. Ine ndinati chikuoneka ngati nkhumba yathu.

"Aphunzitsi, inu dziwani masamu," anatero. "Za hatchi zisiyeni."

Anaboola chivundikiro kuti utsi uzituluka, n'kumanga waya katatu. Biti tamukulunga m'nsalu yonyowa kuti asafote.

Ndiye zangochitika kuti pa 11 Mirte ali pa ntchito madzulo, ndipo wandipempha kuti ndiyende ndi ana ake, Fenna wa zaka zisanu ndi Siem wa zaka zitatu. Ndavomera. A Eppo sindingawasiye okha m'nyumba, limenelonso ndi lamulo la Hilje. Komiti inaletsa makandulo enieni, ikuti timababu tokhatokha. Makandulo ndagula awiri.

Ndikudziwa chimene munene. Pofika kalata ino zidzakhala zitachitika kale, ndiye musavutike n'kulemba.

Ndine,
Veturia


Holwerum, 12 Novembala

Bambo a Doina,

Moni. Tonse tili moyo, palibe wagwera m'ngalande, palibe wapsa. Bondo latupa. Ndikhulupirira inu muli bwino.

Tinatuluka dzulo kutangoda, kudzera kuseri. Ndisanatseke ndinayatsa nyali pa zenera la kumaso, ngakhale ndinkadziwa kuti palibe akubwera. Ndinayatsira mkwiyo chabe. A Eppo ndinawaveka majuzi awiri, chikhoti ndi chipewa. Kachikuku anakakana. Dzanja limodzi ndodo, lina nyali, thumba la pilo m'khosi. Ine dzanja lamanja ndinagwira lamba wa chikhoti chawo kumbuyo, lamanzere Siem. Fenna anali patsogolo ndi nyali yake ya pepala yooneka ngati kadzidzi.

Nditayatsa kandulo, biti yense anafiira ngati khala, hatchi ija n'kuoneka. Kenako panamveka fungo la shuga wopserera. Siem anati, "Agogo, nyali yanu ikupsa ngati keke." A Eppo anati, "Yako ikununkha chiyani?" Siem ananunkhiza yake, n'kukhumudwa.

Nyumba yoyamba inali ya banja lina lachilendo. Fenna analiza belu, ana anaimba kanyimbo kawo ka kusukulu ka mizere inayi. Atamaliza, a Eppo anayamba yawo, m'chilankhulo chakale cha m'mudzi muno chimene ana sachimvanso. Ndime zisanu, osaphonya liwu, munthu amene sadziwa chimene wadya masana. Bambo wa m'nyumbamo anapatsa ana, kenako anayang'ana ine.

"Nawonso?"

"Nyali ali nayo kapena alibe? Aimba kapena sanaimbe?"

Anaponya nachesi m'thumba la pilo. A Eppo anavula chipewa.

Titafika pa msewu waukulu, ana ena anamva fungo. Anayamba kusiya magulu awo. Pa nyumba yachinayi tinali ndi ana asanu ndi awiri, pa yachisanu ndi chiwiri khumi ndi asanu. Ndinkawerenga pa khomo lililonse, chifukwa mwana wa munthu akasowa mlandu ukanakhala wanga. Kamnyamata ka chaka chatha kaja kanali pambali pawo penipeni, kakufunsa ngati motowo ndi weniweni. Makolo ankatsatira kumbuyo, aja a "tiona" aja, mafoni ali m'mwamba. Anaonadi.

Nyumba ya Mayi Aukje ili pafupi ndi tchalitchi. Sindinaizembe. Anatsegula akumwetulira, mbale ili m'manja, ndipo ataona kandulo kumwetulira kunauma. Ana anaimba, a Eppo anaimba. Mayiwo anagawira mwana aliyense, n'kudumpha thumba la pilo.

"A Eppo, kukuzizira. Mayi Veturia, apititseni kunyumba, chonde. Ndipo motowo tinakambirana."

A Eppo anangoima, thumba ali chitsegulire. Anadikira. Ataona kuti mbale ikubwerera m'nyumba, anakokera mpweya n'kuyamba nyimbo ina, yoimbira nyumba youmira, imene makolo a masiku ano analetsa. Imanena kuti mwini nyumba amawerenga nyemba asanaphike. Ine sindinaone chipongwe chake, nanenso ndimawerenga. Koma ana anaigwira ulendo wachiwiri womwe, ndipo anaikuwa mpaka agalu a mudzi wonse anayankha.

Ndiye m'kati munamveka ndodo. Anatulukira mayi awo a Aukje, a Trientje, a zaka 88, atavala masilipasi.

"Eppo! Mbala iwe! Biti ameneyo waba m'munda mwa yani?"

"Mwa bambo ako."

"Ndinadziwa! Nanga chimenecho n'chiyani, nkhumba?"

"Hatchi!"

"Unkalephera kujambula kuyambira kalasi yoyamba." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe Aukje, ukuima ngati mtengo bwanji? Mwana waimba pakhomo pako. Mpatse. Awiri, chifukwa wakuimbira nyimbo ziwiri."

Mayi Aukje anapereka. Ndinangowerenga mokweza kuti, "Chimodzi. Ziwiri."

Pamenepo a Eppo anali atayamba kulemera pa lamba, ndiye ndinawatembenuzira kunyumba. Ana sanatisiye. Analowa nafe m'kamsewu koletsedwa kaja onse 23, ngalande ili pomwepo, osagweramo n'mmodzi yemwe. Mayi Aukje ankabwera m'mbuyo atanyamula bulangeti limene mayi awo anawakankhira m'manja.

Ine ndinkalunjika kuseri. A Eppo anaima pa geti.

"Aphunzitsi, apa pali nyali. Tisadumphe."

Fenna anati, "Koma agogo, apa ndi panu." Sanamve. Anakwera pa khonde, analiza belu la nyumba yawo yomwe, anavula chipewa, n'kuyamba kuimba. Anaimba ndime zonse zisanu ali okha, kenako anatsegula thumba n'kudikira. Chitseko chili chitsekere. Akuluakulu oposa khumi ataima pa geti, aliyense akudziwa kuti m'nyumbamo mulibe munthu, ndipo palibe anasuntha. Wina anali akujambulabe.

Ndinatenga dzanja la Mayi Aukje n'kuliika pa lamba. "Gwirani apa. Mukawasiya mundiona." Siem ndinamupereka kwa Fenna. Ndinathamanga, ine, ndi bondo ili, kuzungulira nyumba, kudutsa m'khitchini mumdima, kugunda mpando wa kapepala kobiriwira uja. Loko anatseguka kamodzi. Mafuta aja sanapite pachabe.

Anandiyang'ana osandizindikira.

"Madzulo abwino, mayi," anatero. "Mwachedwa kutsegula. Ndiyambirenso?"

"Yambiraninso," ndinatero, "koma nonse."

Anaimba onse, a Eppo patsogolo, ana akutsatira mmene angathere. Ndinagawa timatumba 24. Tatsala 16.

Lero agona mpaka masana. Foni yalira kasanu. Sindinayankhe, ndikudziwa amene akuimba.

Ndine,
Veturia


Holwerum, 17 Novembala

Bambo a Doina,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Kalata ino ndi yaifupi chifukwa ndikulongedza.

Hilje anaona zonse pa foni, anthu aja anafalitsa. Zimene anandinena sindilemba. Ku kampani ananenadi, ndipo akuti pakadali pano alibe nyumba ina yoti anditumizeko. "Pakadali pano" wa kuno ndi m'bale wake wa "tiona". Ndalama za Disembala musaziwerengere. Nkhuni muli nazo, nkhumba ilipo, sitifa. Basi yanga inyamuka Loweruka, Doina akandichingamire. Mumuuze kuti sabata yotsatira adzandiperekeze ku chipatala chachikulu, ndili ndi pepala lochokera kwa dokotala wa kuno.

Mayi Aukje anabweretsa keke Lachinayi, akuti komiti ikuganiza zoti chaka chamawa ana azigoba biti kusukulu, "pokumbukira mwambo". Ndinawafunsa ngati mwambowo udzakhale ndi timababu. Keke ndinapatsa Fenna ndi Siem, pamodzi ndi timatumba 16 tija.

A Eppo anatengedwa Lachisanu m'mawa. Galimoto inaima kumaso, kukugwa mvula. Anyamata awiri a ku nyumba ya okalamba ija anayang'ana njira yakuseri, matope ndi masitepe ake, n'kunena kuti cha kumaso ndiye chachikulu ndiponso chapafupi. Hilje anatenga kiyi pa msomali. Ine ndinakaima patsogolo pa chitseko.

"Veturia, chokani. Simunatope nazo?"

"Bambo anu akukwatira lero?"

"Mukuti chiyani?"

"Ndikufunsa. Akukwatira? Kapena kunjaku kwaima ana a nyali?"

"Musayambe zimenezo. Ndi chitseko chabe."

"Mayi anu anatulukira pati?"

Mmodzi wa anyamata aja anati, "Amayi, tili ndi anthu ena oti tikatenge." Ndinamuuza kuti akawatenge, atipeza. Hilje anayang'ana kiyi m'dzanja mwake nthawi yaitali. Anabadwira m'nyumba ino, bokosi la mayi ake analiperekeza yekha pa khonde limenelo. Zimene ine ndinachita kuphunzira, iye anakula nazo. Kiyi anamubwezera pa msomali. Sanandiyang'ane, koma anapita kukatenga ambulera n'kugwira bambo ake pa mkono.

Biti anafota, kumalo kuja sakanamulola. Thumba la pilo lokha ndi limene anakana kusiya. Muli zinthu khumi ndi zitatu, ndipo sanalole munthu kudyapo n'chimodzi chomwe.

Anatulukira kuseri, Bambo a Doina. M'khitchini, m'kanyumba ka njinga, m'matope, pang'onopang'ono, anyamata aja akung'ung'udza m'mbuyo. Anatuluka ngati munthu wamoyo amene akupita kukagula buledi.

Mapiritsi musawerenge. Ndidzawerenga ndekha.

Ndine mkazi wanu,
Veturia